Uruguay inatenga World Cup kangati? Tambala wanga ali pangozi

Phwetekere_wa_Ntcheu:
Akuluakulu apagulu pano, ndabwera ndi mlandu mundiweruze. Loweruka ndinali kometetsa ku Chirimba pamodzi ndi alamu anga. Pakhoma la mubabashopumo pali kalendala yakalekale ya timu ya Uruguay, ya nthawi ya Forlán ndi Suárez, yoti inachita kuyera ndi dzuwa. Alamu ataiyang'anitsitsa anati, "Waona nyenyezi zinayizo? Anthu awa World Cup anatenga kanayi." Ine ndinakana, ndinati ndi kawiri basi, 1930 ndi 1950. Mkangano unakula mpaka wometa anazimitsa makina, mutu wanga uli theka, n'kuyamba kumvetsera. Mapeto ake tabetcherana tambala wachikuda, wogonja apereke. Wangayo ndi wamkulu ndithu, ndimasungira Khirisimasi. Tandiuzani, adye ndani?

Chitedze:
Kawiri basi. Pita ukatenge tambala wa alamu akowo dzuwa lisanalowe.

Joni_Hustler:
Nanga nyenyezi ziwiri zinazo anagula pakaunjika ku Limbe? Kkkk

Mphunzitsi_Wopuma:
Phwetekere, tambalayo musamugwire msanga, chifukwa alamu akowo sanalote. Mpikisano wotchedwa World Cup, Uruguay inapambana kawiri monga wanenera. Nyenyezi ziwiri zinazo ndi za masewero a Olympic, 1924 ku Paris ndi 1928 ku Amsterdam. Musafulumire kuseka. Nthawi imeneyo World Cup kunalibe, ndipo mpira wa pa Olympic wa zaka ziwirizi anayendetsa ndi a FIFA eni ake. Mu 1924 kunafika matimu 22, pomwe ku World Cup yoyamba ya 1930 kunapita 13 okha. Ndiye a ku Uruguay amati, tinagonjetsa aliyense amene anabwera, pampikisano wokonzedwa ndi FIFA, tilekerenji kudzitcha akatswiri a dziko lonse?

Ulendo wa 1924 pawokha ndi nkhani. Anawoloka nyanja pa sitima m'kalasi ya amphawi, ndalama zosakwana, mpaka mmodzi wa akuluakulu a mpira kwawoko, Atilio Narancio, anaika nyumba yake pachikole kuti apeze ya ulendo. Atafika ku Spain anayamba asewera magemu asanu ndi anayi kuti apeze ya chakudya ndi yokafikira ku France, onsewo n'kupambana. Ku Paris anathibula Yugoslavia 7-0, America 3-0, eni mudzi a France 5-1, Netherlands 2-1, ndipo mu ndime yotsiriza Switzerland inamwa 3-0. Anthu a ku Paris anangoti kukamwa yasa, makamaka ndi mnyamata wakuda wapakati dzina lake José Leandro Andrade. Patatha zaka zinayi anakumana ndi anansi awo a Argentina ku Amsterdam, analepherana 1-1, n'kubwereza patatha masiku atatu, Uruguay 2-1. Pabwalo la Centenario ku Montevideo, mbali ina yokhala oonera imatchedwa Colombes, dera la kufupi ndi Paris kumene kunali bwalo la mu 1924, ina Amsterdam, kukumbukira kumene anatengako zikho ziwirizi.

Loya_wa_Pabawo:
Aphunzitsi, mbiriyo tamva, koma pamlandu timagwira mawu. Alamu ananena kuti chiyani kwenikweni? Ngati anati "World Cup", aluza, palibenso zokambirana. Ngati anati "akatswiri a dziko lonse", mlandu uimikidwe kaye. Mboni ilipo, wometa uja.

Phwetekere_wa_Ntcheu:
Anati World Cup. Koma ndikawadziwa ine, akangowerenga zomwe alemba aphunzitsizi asintha mawu.

Chitedze:
Komanso za 1924 ndi 1928 zo sizingawerengedwe. England kunalibe. Mpikisano wanji wopanda eni mpira?

Mphunzitsi_Wopuma:
Ukatero mwana wanga ufufutenso 1930, 1934 ndi 1938, chifukwa konseko England kunalibe. Ankadziona ngati ndi apamwamba, ndipo anakangana ndi FIFA pa nkhani yopatsa osewera kangachepe kolowa m'malo mwa malipiro amene ataya kuntchito akapita kumpikisano. Kwa iwo mpira wa pa Olympic unali wa anthu osalandira kanthu. Mu 1928 anatuluka mu FIFA, anabwerera mu 1946. Atapita koyamba mu 1950 ku Brazil anakagonja 1-0 ndi America, chigoli chochinya Joe Gaetjens, mbadwa ya ku Haiti.

Nangozo_waku_Durham:
Pepani kulowerera, koma inu mukukangana za nyenyezi pomwe kuno kuli mudzi umene umati World Cup yoyamba ndi yawo. Ndimagwira ntchito yosamala okalamba kumpoto kwa England, ndipo basi yanga imadutsa pa West Auckland. Pakati pa mudziwo, pakapinga, pali chiboliboli cha anthu awiri, wina akumenya mpira, wina ali ndi piki yokumbira malasha. Ndinkangodutsa osalabada, mpaka gogo wina amene ndimamusambitsa anandifunsa ngati kwathu timadziwa kuti agogo a m'mudzi muno anakwapula Juventus. Ndinaganiza kuti ndi ukalamba. Ayi ndithu, ndi zoona.

Mu 1909 Thomas Lipton anaika chikho choti matimu a mayiko osiyana akalimbirane ku Turin. Italy, Germany ndi Switzerland anatumiza matimu. Bungwe la mpira la England linakana, ndiye mwayi unagwera katimu ka anyamata a mumgodi wa malasha. Ya ulendo anasonkha okha, ena mpaka kupinyolitsa katundu wa m'nyumba. Kumeneko anagonjetsa timu ya ku Stuttgart 2-0, kenako Winterthur 2-0, chikho n'kubwera nacho. Mu 1911 anabwererakonso, ndipo mu ndime yotsiriza Juventus inadya 6-1. Chikho chinakhala chawo mpaka kalekale.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anabwerako ali ndi ngongole, n'kupereka chikhocho kwa mayi mwini hotela imene ankakumanirako, ngati chikole cha mapaundi 40. Chinakhala kubanja la mayiyo pafupifupi zaka makumi asanu, mpaka mu 1960 anthu a m'mudzimo anasonkha mapaundi 100 n'kuchiwombola. Mu 1994 akuba anachiba, sichinapezekenso. Chimene chilipo lero n'chosula kachiwiri.

Bianconero_wa_Area25:
Mayi, nkhani zina muzisunga mumtima. Tili ndi mavuto okwanira kale.

Joni_Hustler:
6-1 ndi anyamata a mumgodi! Bianconero, jezi ija upukutire mawindo.

Chitedze:
Koma amenewo anali makalabu, anayi okha. Ndiye tizitcha World Cup? Ukatero ngakhale bonanza ya kumudzi kwathu, pakabwera timu ya ku Mozambique kuwoloka msewu pa Tsangano, ndi World Cup.

Nangozo_waku_Durham:
Bwera udzanene zimenezo mu bala ya m'mudzimo, ine ndidzakudikira panja.

Mphunzitsi_Wopuma:
Chitedze pamenepa sanalakwe. Ndipo chaka chimodzi chikho cha Lipton chisanabwere, mu 1908, mumzinda womwewo wa Turin munachitika mpikisano wina wokonzedwa ndi nyuzipepala ya zamasewero, anapambana ndi Servette ya ku Geneva. Amenewo palibe amawatchula. Tikabwerera m'mbuyo, mu 1895 Sunderland, akatswiri a England, inasewera ndi Hearts, akatswiri a Scotland, gemu n'kuitcha yolimbirana ukatswiri wa dziko lonse. Sunderland inapambana 5-3. Osewera onse 22 m'bwalomo anali a ku Scotland.

Loya_wa_Pabawo:
Dziko lonse la mtundu umodzi. Zili ngati Bullets ndi Wanderers kusewera pa Kamuzu Stadium, wopambana n'kuti ndine katswiri wa Africa.

Maule_Mpaka_Kale:
Ife tinganene ndithu. Vuto lili pati?

Joni_Hustler:
Tadikirani, Lipton ameneyu ndi yemwe uja wa tiyi?

Nangozo_waku_Durham:
Yemweyo. Anabadwira ku Glasgow, analemera ndi magolosale kenako tiyi wa ku Ceylon. Anaperekanso chikho china choti Argentina ndi Uruguay azilimbirana, chinayamba mu 1905.

Gogo_Wayilesi:
Ana inu mukudabwa ndi tiyi? Chikho chimene ife tinavinira mu 1978 chinachokera ku sopo. Mu 1926 kampani yopanga sopo ya Gossage inaika chikho choti Kenya ndi Uganda azipikisana. Anali awiri okha kwa zaka zambiri, Tanganyika inalowa mu 1945, Zanzibar mu 1949. Dzina linasintha mu 1967, n'kudzasinthanso mu 1973 kukhala chikho cha CECAFA, ife ndi a Zambia tinasewerakonso momwemo. Ndiye mukamawerenga mipikisano yakale ya mayiko, musayambire ku AFCON. Cha sopochi ndi chachikulu kwa AFCON ndi zaka 31.

Mu 1978 mpikisano unachitikira kwathu konkuno. Ine ndinali ku Thyolo, ndili ndi zaka 16. Mudzi wonse wayilesi inali imodzi, ya amalume, ndipo mabatire anali atatha mphamvu. Kuyambira m'mawa tinawayanika padenga la nkhokwe, ena n'kumawaluma pang'ono kuti adzuke. Amalume analetsa aliyense kutsegula wayilesi, ngakhale nkhani za masana sitinamve. Gemu itayamba tinaunjikana pansi pa mtengo wa mango, mawu akumveka ngati udzudzu, amalume ataigunditsa kukhutu n'kumatiuza ife zomwe akumva. Malawi 3, Zambia 2. Usiku umenewo ng'oma zinalira ngati kuli chinamwali. Mphunzitsi anali Ted Powell, m'bwalo muli Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, pagolo Boniface Maganga. Chaka chotsatira tinakatenganso ku Kenya, kugonjetsa eni ake 3-2, ndipo mu 1988 kachitatu.

Wa_ku_Chipata:
Madala, ulemu wanu, koma nthawi zonse mukafuna kusangalala mumatchula Zambia. Ife 1988 yomweyo tinamenya Italy 4-0 ku Olympic ya ku Korea, Kalusha Bwalya zitatu yekha. AFCON tinatenga 2012. Inu ya AFCON munaionera kuti?

Maule_Mpaka_Kale:
1988 yomweyo munadya 3-1 kwa ife mu fainolo. Ndiye kuti ife tinamenya omenya Italy. Masamu ake ndi osavuta.

Wa_ku_Chipata:
Sokerani nyenyezi zitatu pa jezi ya Flames tione ngati COSAFA ikuopani.

Gogo_Wayilesi:
Mwana wa ku Chipata, iwe ndi ine tikulemba chilankhulo chimodzi, agogo athu ankamwa pachitsime chimodzi, usandipsetse mtima. Koma kunena chilungamo, ifenso tinayamba ndi kulira. Mu 1962, tikadali Nyasaland, Ghana ya nthawi ya Nkrumah inatithira zigoli 12 kwa duu.

Joni_Hustler:
12? Goloboyi anali atapita kumaliro?

Mphunzitsi_Wopuma:
Kale zigoli zinkagwa ngati matalala, usadabwe. Pa Olympic ya 1908 ku London, Denmark inagonjetsa France 17-1, Sophus Nielsen yekha zigoli 10. A France anachita manyazi mpaka anakana kusewera gemu yolimbirana malo achitatu. M'timu ya Denmark imeneyo munali Harald Bohr, katswiri wa masamu, mng'ono wake wa Niels Bohr wa sayansi uja. Ndinkakonda kuuza ana a Fomu 3 zimenezi akamati mpira ndi sukulu siziyendera limodzi. Mu 1912 ku Stockholm Germany inamenya Russia 16-0, Gottfried Fuchs naye zigoli 10. Fuchs anali Myuda. Hitler atatenga boma, Fuchs anathawa, anakafera ku Canada, ndipo m'masiku a Nazi dzina lake linachotsedwa m'mabuku a mpira a dziko limene analichinyira zigoli khumi tsiku limodzi.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, funso linali la tambala. Ndipo amene waika uthenga wotsatsa malonda a mbatata pakati pa nkhaniyi, ndachotsa. Kachiwiri ndikutulutsa.

Loya_wa_Pabawo:
Bwana woyang'anira, zonsezi ndi umboni. Ine ndili ndi funso kwa aphunzitsi. Ngati ya 1924 ndi 1928 zikuwerengedwa, bwanji Belgium sivala nyenyezi ya 1920? Inapambanatu.

Mphunzitsi_Wopuma:
Funso labwino, ndipo a Belgium ena amalifunsa. A ku Uruguay amayankha kuti yawo ndi imene inali yoyamba kutsegukira dziko lonse, pomwe mu 1920 kunalibe timu ya ku South America. Komanso fainolo ya 1920 ku Antwerp siinathe n'komwe. Belgium inkasewera ndi Czechoslovakia, woyimbira anali Mngerezi wa zaka 65, John Lewis. Belgium inachinya penate koyambirira, n'kuonjezera chachiwiri, kenako woyimbira anatulutsa wotchinga kumbuyo wa Czechoslovakia, Karel Steiner. Chigawo choyamba chisanathe, timu yonse inatuluka m'bwalo osabwereranso. Anadandaula za woyimbira, komanso za asilikali a Belgium amene anazungulira bwalo. Dandaulo linakanidwa, anachotsedwa mumpikisano, ngakhale mendulo yachiwiri sanapatsidwe. Inapita kwa Spain, imene pagolo pake panali mnyamata wa zaka 19, Ricardo Zamora.

Maule_Mpaka_Kale:
Ndiye kunyanyala gemu sitinayambe ife eti? Tikamachita kuno amati ndife osaphunzira.

Refu_Wakale:
Ine ndayimbirako mpira wa m'maboma zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndikumumvetsa mkulu ameneyo. Tsiku lina kumudzi wina, sinditchula, ndinapereka penate mphindi zomaliza kwa alendo. Ndinathawa kudzera m'munda wa chinangwa, wezulo ili kukamwa, njinga yanga anabweretsa amfumu patatha masiku atatu, matayala ali phwa. Anthu amaona ngati woyimbira amadzuka n'cholinga chowononga tsiku lawo. Ndiye mundiuze, wa fainolo ya 1930 anatani, poti Argentina ndi Uruguay ndi mphaka ndi galu?

Mphunzitsi_Wopuma:
Anali mnzako m'maganizo. John Langenus wa ku Belgium anavomera kuyimbira atatsimikiziridwa chitetezo, ndi njira yothamangira kudoko gemu ikangotha. Mkangano unayamba mpira usanagunde n'komwe: timu iliyonse inkafuna mpira wake. Anagamula kuti chigawo choyamba asewere wa Argentina, chachiwiri wa Uruguay. Popita kokapuma Argentina inkatsogola 2-1. Atasintha mpira Uruguay inachinya zitatu, kutha 4-2. Chomaliza anachinya Héctor Castro, amene anaduka dzanja ndi sowo yamagetsi ali mnyamata.

Joni_Hustler:
Mpira wachiwiriwo unagona kwa sing'anga, musandiuze zina.

Chitedze:
Ife pa chikulunga lamulo linali lomwelo. Mwini mpira akaluza amanyamula n'kumapita.

Namasina:
Ndawerenga kuyambira pamwamba, amuna okhaokha. Mwatchula anyamata a malasha, wa masamu, wa dzanja limodzi, koma palibe wakumbuka kuti kumapeto kwa December 1920 pabwalo la Goodison Park ku Liverpool panasonkhana anthu 53,000 kudzaonera mpira wa amayi, ena masauzande n'kubwerera pageti. Timu inali Dick, Kerr Ladies, atsikana a m'fakitale ya ku Preston imene nthawi ya nkhondo inkapanga zipolopolo. Chaka chomwecho anali atasewera kale ndi timu yochokera ku France. Mukudziwa chimene bungwe la mpira la England linachita? Mu December 1921 linaletsa amayi kusewera pamabwalo a makalabu ake, ati mpira si woyenera akazi. Chiletso chinakhala zaka makumi asanu.

Ndipo poti mukukamba za nyenyezi: mu 1971 ku Mexico kunachitika mpikisano wa amayi wa dziko lonse, FIFA isakufuna kumva. Fainolo inali pabwalo la Azteca, anthu oposa 100,000, Denmark inagonjetsa Mexico 3-0, zonse zitatu kamtsikana ka zaka 15, Susanne Augustesen. Chaka cha 1970 ku Italy anapambananso a ku Denmark. FIFA inadzayamba yake mu 1991 ku China n'kuitcha yoyamba. Uruguay yavala zinayi, amayi a ku Denmark alibe ngakhale imodzi.

Loya_wa_Pabawo:
Chemwali mwabweretsa umboni woopsa. Koma ukuthandiza Phwetekere: chimene FIFA sinalembe kuti World Cup, si World Cup.

Namasina:
Ine sindikuthandiza aliyense. Ndikungoti amene wagwira cholembera ndi amene amagawa nyenyezi. Ngakhale kwathu kuno, ma Scorchers asanatenge COSAFA mu 2023 ndi angati a inu munapitako kukaonera? Lero aliyense akuti Temwa ndi Tabitha ndi alongo ake.

Wa_ku_Chipata:
Ndipo munagonjetsanso ife mu fainolo imeneyo, ndanena ndekha musanayambe.

Gogo_Wayilesi:
Wakula tsopano.

Kachere_Cairo:
Ndili kuno kusukulu chaka chachitatu, ndipo anzanga a kuno akayamba za mbiri ya mpira sungawaletse. Pa zimene aphunzitsi anena za 1920, Egypt inalipo, dziko loyamba la mu Africa kusewera pa Olympic, inagonja 2-1 ndi Italy. Mu 1924 inatulutsa Hungary 3-0, Hungary imene anthu ankaiyesa kuti itenga chikho. Mu 1928 inamenya Turkey 7-1, Portugal 2-1, n'kufika mu ndime ya matimu anayi. Kumeneko zinavuta, Argentina 6-0, kenako Italy 11-3 polimbirana malo achitatu. Koma taganizani: ngati alamu a Phwetekere akulondola kuti 1928 inali World Cup, ndiye kuti Morocco ya 2022 si yoyamba mu Africa kufika pa matimu anayi. Egypt inafika zaka 94 m'mbuyomo. Ndinanena zimenezi kwa mnzanga wa ku Rabat, sanandilankhule masiku awiri.

Chitedze:
Mwaona? Mukangolola nyenyezi zinayizo, mabuku onse alembedwenso. Kawiri basi.

Kachere_Cairo:
AFCON yoyamba nayonso ingakudabwitse iwe amene umanyoza mpikisano wa matimu anayi. February 1957 ku Khartoum kunayenera kukhala anayi: Egypt, Sudan, Ethiopia ndi South Africa. A South Africa anakana kubweretsa timu yosakaniza akuda ndi azungu, anachotsedwa. Anatsala atatu, magemu awiri okha. Egypt inagonjetsa Sudan 2-1, Ethiopia inalowa fainolo osatuluka thukuta, n'kudya 4-0, zonse zinayi munthu mmodzi, Ad-Diba. Mkulu ameneyu atasiya kusewera anakhala woyimbira, ndipo ndiye anayimbira fainolo ya AFCON ya 1968 ku Addis Ababa. Chikho cha magemu awiricho chikuwerengedwa pa zisanu ndi ziwiri za Egypt, palibe amatsutsa.

Refu_Wakale:
Kuchoka pa kuchinya zinayi mu fainolo kupita pa kutukwanidwa ndi masapota. Anafuna yekha.

Joni_Hustler:
Za South Africa zo kuno madala ena amazikumbuka. Anabwerera mu 1992, mu 1996 n'kutenga pakhomo. Koma Nigeria kunalibe, musawauze.

Mphunzitsi_Wopuma:
Nkhani ya khungu inayamba kale kuposa 1957. Mpikisano woyamba wa mayiko a ku South America unachitika mu July 1916 ku Buenos Aires, matimu anayi: Argentina, Brazil, Chile ndi Uruguay. Gemu yoyamba Uruguay inamenya Chile 4-0. A Chile anakadandaula kuti Uruguay yaseweretsa anthu awiri a ku Africa. Ankanena Isabelino Gradín ndi Juan Delgado, mbadwa za Uruguay, zidzukulu za akapolo. Dandaulo linagwa, Gradín anatha mpikisano ali patsogolo pa ochinya, ndipo mu 1919 anadzakhalanso katswiri wa South America pa liwiro la mamita 200 ndi 400. Gemu yomaliza ya 1916, ya Argentina ndi Uruguay, inalephereka tsiku loyamba chifukwa anthu anadzaza mpaka m'bwalo, ena n'kuyatsa moto mokhala oonera, mwa matabwa. Anasewera mawa lake pabwalo lina, 0-0, chikho n'kupita ku Montevideo.

Ndipo wakuda woyamba kusewera mpira wa mayiko sanali wa ku Brazil kapena France. Anali Andrew Watson, wobadwira ku Guyana, amene mu 1881 anatsogolera Scotland ngati kaputeni kukamenya England 6-1 ku London komweko.

Nangozo_waku_Durham:
Imeneyi ndikamuuza gogo wanga mawa pomupatsa tiyi. Amadana ndi a Scotland koopsa.

Bianconero_wa_Area25:
6-1 winanso? Chiwerengero chimenechi chichotsedwe pagulu pano.

Mwana_wa_Tete:
Ine ndimangowerenga, koma ndiponyeko kamodzi. Ku Asia anayamba 1913 ku Manila, South America isanayambe. Mu 1917 Philippines inamenya Japan 15-2 ku Tokyo, m'timumo muli Paulino Alcántara wa Barcelona, amene zigoli zake pakalabupo zinadzapitiriridwa ndi Messi. Lero Japan ndi imene ikuopsa Germany.

Maule_Mpaka_Kale:
Ndiye kuti ife a 12-0 chiyembekezo chilipo.

Chitedze:
Japan inamanga masukulu a mpira. Ife tikumanga makomiti.

Woyang'anira_Gulu:
Za makomiti zili ndi tsiku lake, tisayambe. Aphunzitsi, gamulani mwachidule, anthu akagone.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ine kugamula ayi, ndinapuma. Ndingonena kuti mu 2021 kunamveka zoti FIFA ikufuna Uruguay ichotse nyenyezi ziwiri, a ku Montevideo anakana kwamtuwagalu, ndipo ku Qatar mu 2022 anavala zinayi zomwezo. Koma mukatsegula mndandanda wa FIFA wa opambana World Cup, Uruguay yalembedwa kawiri.

Loya_wa_Pabawo:
Khoti lagamula motere: Phwetekere wapambana pa mawu, alamu apambana pa jezi. Aliyense abweretse tambala wake, aphikidwe onse awiri, ziwindi ndi nthutumba zipite kwa loya.

Refu_Wakale:
Ndi wometa uja apatsidweko mwendo, anataya makasitomala.

Phwetekere_wa_Ntcheu:
Zikomo nonse, koma zinthu zasintha. Ndinatumizira alamu zonsezi, ayankha kuti iwo ananena kuti "chikho cha dziko lonse", ati mawu oti World Cup ndinaika ndine. Ndapita kwa wometa, akuti makina ankasokosa sanamve bwino, chonsecho anali atazimitsa. Ndiye pobwera kunyumba ndapeza mayi a kunyumba amva nkhani yonse kwa mlongo wawoyo. Andifunsa kuti tambala amene ndikubetchayo ndinagula liti, poti iwo akukumbuka kuti anachokera kwa amayi awo ku Bilila ali kamwanapiye.

Namasina:
Ndiye mwayankha chiyani?

Phwetekere_wa_Ntcheu:
Ndikulemba zino ndili pakhonde.

Joni_Hustler:
Czechoslovakia 1920. Watuluka m'bwalo chigawo choyamba chisanathe.